Woimba rap akagula galimoto sikuti walowa za satana

Mnyamata wa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, woimba hip-hop akangomveka pa Breeze FM, kenaka n'kugula galimoto, manong'onong'o amayamba: "Walowa za satana uyu, wapereka magazi." Bodza limeneli limandiwawa, chifukwa amayi ake amafika poopa kupita kumsika, anthu akuwaloza zala.

Ndalama za nyimbo zili ndi njira zooneka ndi maso. Wokonza nyimbo amachezera pa kompyuta usiku wonse, ambiri ndi pulogalamu ya FL Studio, kuumba mabiti, nyimbo za zida zokha zopanda mawu, ogulitsa kwa oimba anzake. Amalipiritsanso ojambulitsa mawu mu situdiyo yake, kachipinda komata masiponji m'makoma kuti phokoso la panja lisalowe. Woimba amadyera kwambiri pa mashoo ndi kutsatsa malonda a makampani. Nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi, bungwe la ZAMCOPS, loteteza umwini wa nyimbo ku Zambia, limatolera ndalama za eni ake amene analembetsa. YouTube nayo siyilipira msanga: njira yodziwika imafuna otsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12.

Onena za magaziwo sanamuone mnyamatayu zaka zija ankayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, kukachonderera ma DJ kuti amuikireko nyimbo yake.