Timatumba timene timadyetsa chotupa cha khansa

Chotupa cha khansa sichikhala ndi maselo a khansa okhaokha. Muli mitsempha ya magazi, maselo a chitetezo cha thupi, komanso maselo otchedwa fibroblast, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kulumikiza minofu ndi kupoletsa zilonda. Khansa imatulutsa zinthu monga TGF-beta zimene zimasandutsa ma fibroblast amenewa kukhala antchito ake. Mu khansa ya kapamba, mbali yaikulu ya chotupa imakhala minofu yothandizirayi.

Maselowa amatumiza thandizo lawo m'timatumba totchedwa exosome. N'tating'ono kwambiri: kuyambira mananomita 30 mpaka 150, pamene milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Selo imapangira timatumbati mkati mwake, n'kulongedzamo mapuloteni, mafuta ndi tizidutswa ta RNA (tonyamula malangizo a mmene selo igwirire ntchito), kenako n'kutitulutsa. Selo ya khansa ikatimeza, imayamba kutsatira malangizo amene abwera.

Zotsatira zake n'zoopsa. Pakati pa chotupa magazi safika mokwanira, ndiye timatumbati timabweretsa chakudya kuti maselo a khansa asafe ndi njala. Kafukufuku wa mu 2012 anasonyeza kuti timathandiza maselo a khansa ya m'mawere kuyenda ndi kufalikira ku ziwalo zina. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala. Ofufuza anapeza kuti ma fibroblast a mu khansa ya kapamba akakumana ndi mankhwala a khansa otchedwa gemcitabine safa msanga, koma amachulukitsa timatumba timene timalimbitsa maselo a khansa. Mu khansa ya thumba la mazira, kachidutswa ka RNA kotchedwa miR-21 ka m'timatumbati kamafooketsa mphamvu ya mankhwala otchedwa paclitaxel. Zambiri mwa izi zaonedwa mu labotale ndi pa mbewa, ndipo njira zotsekera timatumbati zidakali kuyesedwa.

Choncho mankhwala amene ankathandiza akasiya kugwira ntchito, wodwala asadziimbe mlandu. Pitirizani kulandira mankhwala pa masiku amene mwapatsidwa, kajambulitseni dokotala akalamula, ndipo chotupa chikayambanso kukula kapena ululu watsopano ukabwera, nenani msanga kuti asinthe mankhwala.

Chenjeraninso ndi ogulitsa jakisoni wa exosome amene amati amachiza khansa. Mu Disembala 2019, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu, odwala ena a m'boma la Nebraska atadwala kwambiri chifukwa cha jakisoni wotereyu, ndipo linanena kuti palibe mankhwala a exosome amene linavomereza.