Thupi la munthu si chitsulo: uthenga kwa oyenda pansi, apanjinga ndi madalaivala

Chaka chilichonse anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu padziko lonse, malinga ndi lipoti la mu 2023 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Oposa theka la anthu amenewa sanali m'galimoto ayi. Anali oyenda pansi, panjinga yakapalasa kapena panjinga yamoto. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene akupha kuposa msewu.

Chimene chimapha kwenikweni ndi liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Dalaivala akamati aponde mabuleki, mwana amene watulukira kuseri kwa basi amakhala atagundidwa kale. Munthu akagundidwa pa liwiro la makilomita 30, nthawi zambiri amapulumuka, koma liwiro likachoka pa 50 n'kufika pa 65, chiopsezo cha imfa chimawirikiza kanayi ndi theka. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2020 anagwirizana kuti pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola.

Inu oyenda pansi, ngati msewu ulibe kanjira kanu kam'mbali, yendani moyang'anizana ndi galimoto zobwera kuti muziziona. Usiku valani chovala chowala, chifukwa inu mukaona nyali za galimoto sindiye kuti dalaivalayo wakuonani. Mwana wamng'ono sadziwa kuyeza liwiro la galimoto, choncho mugwireni dzanja powoloka, ngakhale azikana.

Apanjinga, palasani mbali imene galimoto zikulowera. Mabuleki agwire, kutsogolo kukhale nyali yoyera, kumbuyo yofiira, ndipo kumutu chipewa chotetezera chomanga lamba. Chimene ambiri sachidziwa ndi ichi: dalaivala wa lole kapena basi saona zimene zili pafupi ndi matayala ake. Musadzifinye pakati pa lole ndi mphepete mwa msewu pamene ikukhota. Idikireni ipite. Chenjeraninso ndi galimoto yoima, chitseko chimatseguka mwadzidzidzi.

Koma kunena zoona, udindo waukulu uli ndi amene wagwira chiwongolero, popeza chitsulo chili m'manja mwake. Kugwiritsa ntchito foni uku mukuyendetsa kumawirikiza kanayi chiopsezo cha ngozi. Mowa umachedwetsa maso ndi phazi lomwe. Podutsa wapanjinga, m'patseni mpata wokwanira, osamuopseza ndi hutala.

Galimoto imavulazanso popanda kugunda munthu. Utsi wake umalowa m'mapapo ndi m'magazi, n'kukulitsa mphumu, matenda a mtima ndi sitiroko. WHO imati mpweya woipa wa panja, umene utsi wa galimoto ndi gawo lake, unapha anthu 4.2 miliyoni mu 2019 nthawi yawo isanakwane. Ndiye palinso kukhala pampando tsiku lonse. Munthu wamkulu amafunika kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo amene amayenda pansi kapena kupalasa popita kuntchito amazikwanitsa osadziwa n'komwe. Wozolowera kukwera galimoto ngakhale pa mtunda waufupi amaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Zimandiwawa kuti misewu ikamakulitsidwa chifukwa cha galimoto, okalamba, aulumali ndi ana ndi amene amatsekeredwa pakhomo chifukwa cha mantha.

Zimenezi zimasinthika. Mzinda wa Oslo, ku Norway, unachepetsa liwiro ndi galimoto pakati pa tawuni, ndipo mu 2019 sunataye woyenda pansi kapena wapanjinga ngakhale mmodzi. Pemphani akuluakulu a dera lanu tinjira ta oyenda pansi, njira za njinga zopatukana ndi galimoto, magetsi a mumsewu, ndi mabampu pafupi ndi sukulu.

Mukapeza munthu wagundidwa, itanani ambulansi msanga. Panikizani bala lotuluka magazi ndi nsalu yoyera. Ngati akudandaula khosi kapena msana, musamunyamule mwachisawawa pokhapokha ngati pamalopo pali chiopsezo china, ndipo musamupatse madzi kapena chakudya asanaonedwe kuchipatala.