Chisa cha nantchengwa ndi mantha amene chimabweretsa

Amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Shire kapena kudambo la Elephant Marsh amaidziwa nantchengwa, mbalame yofiirira yotalika pafupifupi masentimita 56, yomwe ili ndi tsumba la nthenga kumbuyo kwa mutu. Ikaima cham'mbali mutu wake umaoneka ngati nyundo, ndipo n'chifukwa chake m'Chiafrikaans amaitcha hamerkop. Imayenda pang'onopang'ono m'madzi osaya ikuvundula matope ndi phazi, kenako n'kutola achule, mbululu ndi tinsomba tomwe tadzidzimuka.

Chimene chimandigometsa kwambiri pa mbalameyi ndi chisa chake. Yaimuna ndi yaikazi zimathandizana kututa timitengo zikwizikwi mpaka kumanga chinyumba chofika mita imodzi ndi theka m'lifupi pa mphanda ya mtengo, cholimba moti munthu wamkulu atha kuimapo osachigumula. Khomo lake limakhala cham'munsi, lomatidwa ndi matope, ndipo limalowera kuchipinda komwe yaikazi imaikira mazira atatu mpaka asanu ndi awiri, amene amaswa pakatha masiku pafupifupi 30. Padenga imasanjikapo chilichonse chimene yatola, kaya sanza, mafupa kapena mapepala apulasitiki. Banja limodzi limatha kumanga zisa zingapo pachaka ngakhale lisakufuna kuswa, ndipo zisa zosiyidwazo amalowamo akadzidzi, njoka, ng'anzi ndi njuchi.

Ine ndimaona kuti mbiri yoipa ya nantchengwa inayambira pomwepa. Mwana akakwera mumtengo n'kupisa dzanja pachisa, m'malo mwa mazira n'kutulukamo njoka kapena kadzidzi, akuluakulu sangalephere kunena kuti mbalameyi imagwirizana ndi afiti. Kwathu kuno ambiri amati ikadutsa pamudzi ikulira ndiye kuti ndi malodza, kubwera maliro. Kummwera kwa Africa ena amakhulupirira kuti wophwasula chisa chake amawombedwa ndi mphenzi, pamene ku Madagascar amati amagwidwa khate.

Kulira kuja kulibe uthenga wa imfa. Nantchengwa zimalira kwambiri zikasonkhana, pomwe zimathamangitsana mozungulira, kukupiza mapiko ndi kukwerana pamsana. Komabe mantha omwewa ndi amene aiteteza, chifukwa anyamata a malegeni amene salekerera njiwa kapena mpheta amangoidutsa, ndipo lero imamanga chisa chake ngakhale pamtengo woyandikana ndi chitsime cha pamudzi.