Mtaya wotsekedwa umapumabe

Amene amayenda msewu wa ku Zomba kuchokera ku Limbe amaudziwa mtaya wa Mzedi ngakhale sanatsikepo minibasi. Utsi wake umadzidziwitsa wokha, makamaka m'chilimwe. Kumeneko ndi kumene magalimoto a khonsolo ya mzinda wa Blantyre akhala akukhuthula zinyalala kwa zaka zambiri. Anthu a m'derali akamva kuti ntchito yanga ndi yoyeza madzi ndi nthaka, funso lawo limakhala limodzi: adzautseka liti? Ine ndimabweza funso lomwe silikondweretsa aliyense. Akadzautseka, adzauyang'anira ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti?

Tonse tinakula ndi dzenje la zinyalala kuseri kwa nyumba. Likadzadza timakwirira, mvula ikagwa n'kubzalapo maungu kapena nthochi, ndipo zimachita bwino zedi. Zimatheka chifukwa m'dzenjemo mumakhala makoko, phulusa ndi masamba, komanso ndi losaya. Mtaya wa mzinda ndi nkhani ina. Mulu wake umatalika mamita ambiri, ndipo m'kati mwake muli mabatire, majumbo, matewera otaya, zitini za penti, oyilo wakutha wa galimoto ndi mankhwala omwe masiku ake anapitirira. Galimoto yomaliza ikachoka, geti n'kukhomedwa, zonsezi zimapitiriza kuwola kwa zaka makumi angapo. N'chifukwa chake ku America lamulo limafuna kuti mtaya wotsekedwa uziyang'aniridwa zaka 30, ndipo malamulo a mayiko a ku Ulaya a 1999 amati ndalama zolipitsa potaya zinyalala zizikwanira kuusamalira mtayawo zaka zosachepera 30 utatsekedwa.

Tiyambe ndi madzi, poti ndiwo amalowa m'mimba mwa anthu. Mvula ikalowa m'mulu wa zinyalala imachita monga madzi otentha akamadutsa m'masamba a tiyi: amalowa oyera, amatuluka atatenga zonse. Akatswiri madzi amenewa amawatcha leachate. Anyamata amene ndimayenda nawo amangoti msuzi wa mtaya, ndipo dzinali likuyenera ndithu, chifukwa amakhala oderako, onanda, a fungo lolasa m'mphuno. Mumakhala ammonia (mankhwala a fungo longa la mkodzo wogona), mchere wambiri, ndiponso zitsulo zapoizoni monga lead ndi cadmium. Ena mwa madziwa amayenderera pamtunda n'kukagwera mumtsinje, amenewo aliyense amawaona. Oopsa ndi amene amalowa pansi, chifukwa amayenda pang'onopang'ono moti atha kutenga zaka asanafike pa chitsime kapena mjigo wa kumunsi. Pofika pamenepo mtundu uja umakhala utasefeka m'nthaka, madzi akuoneka oyera mbee.

Apa pali chinthu chimene ndimafuna amayi ndi abambo onse achimvetse. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa kuthira klorini ndi kuwiritsa madzi, ndipo tipitirize kutero. Koma klorini amapha tizilombo, sachotsa lead. Kuwiritsa nako sikuchotsa. Madzi ena akauluka ngati nthunzi, zitsulozo zimatsala momwemo m'poto.

Ndiye timaziona bwanji zapansizo? Timaboola zitsime zopapatiza zoyezera, zosamwa anthu, zokhala ndi chivundikiro ndi loko. Chimodzi chimakhala kumtunda, kumene madzi apansi amachokera asanadutse pa mtaya, ndipo zina ziwiri kapena kuposerapo zimakhala kumunsi. Chakumtundacho anthu amachiona ngati kuwononga ndalama, koma popanda icho mlandu sungagwire aliyense. M'madera ambiri a mzinda uno zimbudzi zokumba zili pafupipafupi, ndipo nazo zimaipitsa madzi apansi. Mukapeza madzi oipa kumunsi, mwini mtaya angoti ndi zimbudzi zanu zomwezo. Koma ngati akumtunda ali bwino pomwe akumunsi mchere ndi ammonia zikukwera, palibenso pothawira.

Tsiku loyeza, choyamba timaona kuti madzi ali pati m'chitsimemo. Kenako timapopa n'kutaya madzi amene agonamo, kuti titunge amene angolowa kumene kuchokera m'nthaka. Kamakina kam'manja kamatiuza pomwepo kuchuluka kwa mchere. Otsalawo timathira m'mabotolo olembedwa tsiku, nthawi ndi nambala ya chitsime, kuika m'bokosi la ayezi, n'kuthamangira nawo ku labotale tsiku lomwelo. Botolo limene lagona padzuwa kumbuyo kwa pikapu ndi longotaya. Kwathu kuno kuyeza kusamachepere kawiri pachaka, mu Okutobala madzi apansi atatsika ndi cha mu Febuluwale kapena Malichi atakwera. Zotsatira za tsiku limodzi sizinena zambiri. Chimene chimayankhula ndi kaundula wa zaka zisanu kapena khumi, pamene mukuona manambala akukwera chaka ndi chaka. Kaundula ameneyu akasowa posamuka ofesi, ntchito yonse yapita m'madzi.

Mpweya ndiye wochenjera kuposa madzi. Zinyalala zikamawola mopanda mpweya wabwino zimatulutsa gasi amene pafupifupi theka lake ndi methane, amene amayaka moto, theka linalo carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma. Methane sanunkha. Fungo la mazira owola limene mumalimva limachokera kwa mnzake, hydrogen sulphide, ndiye mphuno musazidalire. Methane akafika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 a mpweya wa m'chipinda, kambaliwali kamodzi kokha n'kokwanira kuphulitsa nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti kukwirira bwino kutha kuwonjezera vutoli. Mtaya ukakhala pululu, gasi amathawira kumwamba. Mukauphimba ndi dongo, amafuna njira ina, ndipo amayenda cham'mbali kudzera m'ming'alu ya miyala, m'ngalande zokwiriridwa ndi m'mphepete mwa mapaipi, mpaka kukatulukira pansi pa nyumba ya munthu. Mu 1986 nyumba ina ku Loscoe, ku England, inaphulika motere, gasi atachokera ku mtaya woyandikana nawo. Choncho pokwirira timasiya mapaipi oima opumira, ndipo kumene gasi ali wambiri amamusonkhanitsa n'kumuyatsa, kapena kupangira magetsi. Kuyatsako kuli ndi phindu linanso, chifukwa methane amatenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide pa zaka 100. M'malire a mtaya timazika timapaipi toyezera, ndipo nyumba zoyandikira nazo timazilowa ndi makina, kuyeza m'makona, m'bafa ndi paliponse pamene simenti yang'ambika.

Chophimbacho chimaoneka chosavuta: dongo lotsendereka bwino, pamwamba pake dothi lachonde, kenako udzu, zonse zopendekeka pang'ono kuti madzi asadikhe. Koma pansi pake zinyalala zikuwola n'kumaphwa, ndiye nthaka imatitimira, pena kwambiri pena pang'ono. Pamene patitimira pamadikha madzi, madziwo amalowa, msuzi uja n'kuchuluka. Dzuwa la Okutobala limang'amba dongo, mvula yoyamba n'kulowera m'ming'alumo. Pofika Januwale kangalande kamene kanali ngati kanjira ka mbewa kasanduka chigwembe, majumbo a zaka khumi zapitazo ali pamtunda. Mankhwala ake ndi odziwika: munthu woyendera malowo wapansi, wilibala, dongo ndi khasu. Vetiva amene alimi amabzala m'migula amagwira bwino m'mbali motsetsereka ndi m'ngalande. Bulugamu asayandikire, mizu yake imaboola chophimba chonse.

Ife a mu Blantyre sitifunika kuuzidwa zimene madzi amachita pa malo otsetsereka, tinaona ku Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Phiri la zinyalala ndi lofooka kuposa la dothi ndi miyala. Mu 2017 mulu wa ku Koshe mu Addis Ababa unagumuka n'kupha anthu oposa 100. Chaka chotsatira mulu wina unagumukanso ku Hulene mu Maputo mvula itagwa yambiri, ndipo mu 2024 ku Kiteezi mu Kampala. Mitaya imeneyi inali ikugwirabe ntchito, koma mulu wotsekedwa umene wamwa madzi, m'mbali mwake muli chiphedi, sudziwa kuti pa geti pali loko.

Mabuku amene tinaphunzira analembedwa kumene adani a chophimba ndi mvula ndi akalulu. Kuno tili ndi ena. Chaka china ndinapita kukayendera dzenje lakale la kampani ina, limene linakwiriridwa bwino ndithu ndi dongo logula. Nditafika ndinapeza uvuni wa njerwa ukufuka m'mphepete mwake, zikombole zili mbwee, ndipo mbali imodzi ya chophimba yakumbidwa mpaka mapulasitiki kuonekera. Ndinapereka moni kwa bambo wachikulire amene anali kuponda dothi.

"Bambo, dongoli mukulitenga pati?"

"Pomwepa, achimwene. Dothi labwino ngati ili kuno kulibe. Nanga eni ake si anachoka kalekale?"

Sindinawadzudzule. Panalibe mpanda, panalibe chikwangwani, ndipo palibe amene anakakhalapo pansi ndi amfumu kuwafotokozera chimene chili pansipo. Koma moto wa uvuniwo unali mamita ochepa kuchokera pamene gasi amatulukira. Onjezanipo anyamata otentha tchire posaka mbewa, ogula zitsulo amene amazula mapaipi ndi zivundikiro za zitsime, ndi amene amaona malo athyathyathya opanda mwini n'kuyamba kudula mapuloti. Moto ukalowa pansi pa mulu umanyeka mwakachetechete kwa miyezi, n'kusiya mphanga imene munthu atha kugweramo.

Malamulo alipo. Lamulo loyendetsera chilengedwe la 2017 ndilo linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene lili ndi mphamvu zoyendera malo ndi kulamula woipitsa kuti akonze zimene waipitsa, ndipo malamulo ang'onoang'ono a zinyalala ndi ukhondo alipo kuyambira 2008. Chimene ndimadera nkhawa ndi bajeti. Mtaya wotseguka umalowetsako kangachepe. Wotsekedwa umangodya, ndipo palibe amene angadzaduleko riboni atolankhani ali pomwepo. Ndalama zikachepa, zoyamba kudulidwa zimakhala mafuta a galimoto yokatunga madzi oyeza ndi malipiro a mlonda. Maganizo anga ndi akuti thumba losamalira mtaya lizisonkhedwa mtayawo ukadali wotseguka, ndipo likhale losakhudzika.

Ndipo anthu amene lero amapeza chakudya potola mabotolo ndi zitsulo kumtaya asadzangothamangitsidwa tsiku lotseka. Iwowa amadziwa pamene pamafuka utsi m'mawa, pamene pamatuluka madzi akuda mvula ikagwa, ndi mbali imene imagumuka. Ine ndimafika kawiri pachaka, iwo amakhala pomwepo. Powalemba ntchito yotchetcha, yotseka ming'alu ndi yolondera zitsime, khonsolo ingapeze maso amene makina anga sangafanane nawo.

Ngati mumakhala pafupi ndi mtaya wakale, zoti muzizisunga m'mutu ndi izi. Udzu ukauma kadera kamodzi m'dzinja pomwe wina uli wobiriwira, kawirikawiri ndi gasi amene akupha mizu. Chithaphwi chikamatulutsa thovu popanda chule kapena nsomba, nthaka ikamamveka yofunda kumapazi m'mawa, madzi a pachitsime akasintha kukoma kapena akayamba kusiya dzimbiri m'ndowa, jambulani ndi foni, lembani tsiku, ndipo kanenani kwa khansala wanu ndi ku ofesi ya zaumoyo ku khonsolo. Mukapita, pemphani kuti dandaulolo lilembedwe m'buku inu mukuona, ndipo mufunse tsiku limene madzi a m'dera lanu anayezedwa komaliza.