Galimoto ya ozimitsa moto siimabwera yopanda madzi, tiyeni ndikufotokozereni

Moto ukangobuka kuno ku Mzuzu mawu otsatira amakhala omwewo, akuti a fayabuligedi afika mochedwa komanso abwera opanda madzi. Ineyo ntchito yozimitsa moto ndimagwira modzipereka, yodyera ndili nayo ina, koma maphunziro ake ndinachita ndipo paipi ndaigwira kokwanira, nde nkhani ya madziyi ndiloleni ndiilongosole chifukwa kusaimvetsa kukutipweteka tonse.

Galimoto ija imabwera ndi madzi ake m'thanki, malita masauzande ochepa chabe. Paipi imodzi ikatsegulidwa bwinobwino imatulutsa malita mazana angapo pa mphindi imodzi, mukatsegula awiri nde basi thanki yauma anthu asanamalize n'komwe kujambula pa foni. Zikatero pamafunika polumikiza, mpope wapansi uja timati haidiranti, ndipo m'madera omwe tinamanga mosatsata pulani mulibemo, kwina pomwe ulipo mupeza unakwiririka ndi dothi kapena wina anaikapo benchi la tomato osadziwa kuti pansipo pali chani. Nde galimoto imatembenuka kukatunga, anthu n'kumati yathawa. Pobwerera denga lagwa kale.

Kuchedwako nakonso nthawi zambiri kumayambira kwa ife. Munthu amayamba kaye waitana aneba, kutulutsa sofa, kufunafuna ndowa, foni n'kudzaimba moto utafika kale ku siling'i, ndiye poimbapo amangoti "kuno ku Chibavi kwapsa", Chibavi yake iti? Tchulani chinthu chodziwika, tchalitchi, chigayo, sukulu, ndipo tumani mnyamata akaime pamsewu waukulu azikodola galimoto.

Ine ndinayambira ku Chikangawa, maganyu olambula mafayabuleki, tinjira totchinga moto m'nkhalango, nyengo yotentha isanafike, kuja moto wolusa ukalowa m'mapaini mu Okutobala suzimitsika ndi madzi ayi, umaudulira njira kutsogolo n'kumaphwanya wa m'mphepete ndi zophulira. Nditabwera m'tauni n'kulowa maphunziro enieni ndinkayembekezera kuti tiyamba ndi mapaipi ndi makwerero, koma aphunzitsi anayamba ndi choko pa bolodi. Moto umafuna zinthu zitatu, choti chipse, kutentha, ndi mpweya. Mukachotsapo chimodzi wafa. Madzi amachotsa kutentha, mchenga kapena bulangete lonyowa amatseka mpweya, kutseka silinda ya gasi ndi kuulanda chakudya. Zonse zomwe timachita zimachokera pamenepa.

N'chifukwa chake mafuta ophikira akayaka m'poto musathire madzi, chonde amayi. Madzi amamira pansi pa mafuta, kuwira nthawi yomweyo n'kuponya mafuta oyaka kumaso kwanu ndi kudenga. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, zimitsani mbaula kapena kuka, musiye chizizire osasuzumira. Ukakhala moto wa magetsi thamangirani kaye ku meni swichi, madzi pambuyo. Petulo wa m'zigubu uja timasunga kuchipinda mafuta akamasowa, ameneyo ndimamuopa kuposa zonse, chifukwa chomwe chimayaka ndi mpweya wake womwe umayenda pansipansi mpaka kukapeza kandulo ali pakona.

Phunziro lomwe linandikhala mumtima ndi la utsi. Amakumanga nsalu kumaso, kukuveka silinda ya mpweya kumsana, n'kukulowetsa m'chipinda choti ukwawe dzanja limodzi lili pakhoma, linalo likufufuza pansi mpaka upeze chidole cholemera ngati munthu n'kuchikokera panja. Pamenepo mpamene umamvetsa kuti m'nyumba yoyaka anthu ambiri amafa ndi utsi malawi asanawakhudze, ndipo mpweya wabwinoko umakhala pansi, nde potuluka kwawani. Mukatuluka musabwererenso, kaya mwasiya satifiketi kaya ndalama za banki nkhonde. Ndipo mabagala ba athuwa, windo lililonse chitsulo, khomo limodzi lokhoma ndi maloko awiri kiyi ali m'thumba la thalauzi la bambo, taganizani bwino usiku magetsi atazima mwana atulukira pati.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno mukukudziwa. Mbaula m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Otherani, koma pogona itulutseni panja. Wina akapsa, pabalapo thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati Colgate, dzira kapena mafuta, izi a Red Cross amaphunzitsa ndipo aliyense angathe kukaphunzira.

Tsopano za kukonzekera ngozi, apa mpomwe mtima wanga uli. Mu Disembala 2015 laibulale ya pa Mzuni inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 kupita usiku umodzi. Patangotha miyezi inayi, mu Epulo 2016, mvula inagwa masiku otsatizana mpaka nyumba kugwa m'zigwa ndi m'malo otsetsereka a mzinda uno, anthu kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mu Malichi 2023 tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo amene amakhala ku Masasa kapena kulikonse komwe tinasema phiri n'kumanga pansi pa chigumula cha dothi lofiira asanene kuti izo n'za ku Blantyre. Chaka chomwecho cha 2023 dziko linapeza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozizi, alipo, makomiti a m'mawadi aliponso, zonsezo n'zabwino ndithu. Koma ine ndimati pulani ikangokhala m'faelo ku ofesi siinayambe kugwira ntchito, imayamba pomwe anthu a mu buloko imodzi akudziwa kuti agogo aja osayenda adzawanyamula ndani, likhweru likalira tikakumana pabwalo liti, ndani ali ndi ekisitingwisha, kasilinda kozimitsira moto kaja, ndipo anaiona liti komaliza ngati muvi wake udakali pobiriwira. Timazolowera kudikira ufa ndi mabulangete ngozi itachitika kale, koma kugwaza ngalande mu Okutobala mvula isanayambe anthu amabwera owerengeka, zimandiwawa zimenezi.

Nde pempho langa kwa mabuloko lida ndi ma khansala, sankhani Loweruka limodzi muyende msewu wolowera m'dera lanu muli ndi tepi m'manja. Galimoto ya ozimitsa moto ndi yotakata pafupifupi mamita awiri ndi theka, kuti idutse ndi kukhota bwino pamafunika mamita ngati 4, pomwe mpanda kapena mulu wa njerwa zadya msewu mukambirane ndi mwiniwake mwaulemu. Mufunse ku khonsolo kuti haidiranti yapafupi ili pati, muifukule, muipake penti. Nambala ya ozimitsa moto mukaitenge komweko, muiike pa gulu la WhatsApp la m'dera komanso muilembe pakhoma la chigayo ndi pa kiyosiki ya madzi, kuti ngakhale mwana wa sitandade 5 athe kuiwerenga n'kuimba.