Madzi amatope sayera chifukwa chongowasiya usiku

Kuno ku Dedza timakonda kunena kuti ukatunga madzi ofiira mu Linthipe nthawi ya dzinja, ungowasiya mumtsuko, matope onse adikha okha. Si onse ayi. Mchenga umamira msanga, koma tinthu ta dongo tochepera gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita timangoyandama kwa masabata. Tinthuti tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana, ndiye timakankhana m'malo mogwirana n'kulemera.

N'chifukwa chake koyeretsera madzi amathiramo mankhwala otchedwa alamu. Amathetsa kukankhanako, tinthuto timaundana, tina n'kumira, tina n'kumamatira pamchenga wosefera. Ufa wa njere za chamwamba umachitanso zomwezo. Komabe majeremusi ena amatsala, choncho madziwo awiritseni kapena muthiremo klorini.