Kodi n'kulakwa kuyamba chiganizo ndi "And" kapena "But"?

Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti chiganizo cha Chingerezi sichiyamba ndi alumikizi monga "and", "but" kapena "because". Ukatero, aphunzitsi ankazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira. Komatu lamulo lotere mulibe m'galamala ya Chingerezi.

Tsegulani Baibulo la King James la mu 1611. M'mutu woyamba wa Genesis, pafupifupi vesi lililonse likuyamba ndi "And". Nazonso nyuzipepala za ku London mpaka lero zimayamba chiganizo ndi "But" zikafuna kutembenuza nkhani mwamphamvu.

Sikuti aphunzitsiwo ankangoletsa popanda chifukwa. Mwana amalemba "Because I was sick" n'kuika mpumiro, ganizo lisanathe. Vuto apa si "because" ayi, koma chiganizocho chatsala m'malere: wadwala, ndiye chinachitika n'chiyani? Akalemba "Because I was sick, I missed school", palibe cholakwika.

Pamene timapunthwa kwenikweni ndi pena. M'Chichewa timatha kunena kuti "ngakhale kunagwa mvula, koma tinapita", zikumveka bwinobwino. Chingerezi sichilola "although" ndi "but" kulumikiza mfundo ziwiri zomwezo nthawi imodzi. Mukayamba ndi "although", "but" mumusiye.